Tinatsikira ku Tete Kukafuna Nyumba ya Mlaliki

Pa msonkhano wa akulu a mpingo umene unachitika titatha kukolola, tinatumidwa, ife ndi akulu awiri, kuti titsikire ku Tete kukaona nkhani ya nyumba ya mlaliki. Monga mukudziwa, ana athu amene anachoka kuno ku Angónia kukafuna ntchito kumeneko achuluka ndithu, ndipo amasonkhana Lamulungu lililonse kutsidya kwa Matundo. Mlaliki amene amawatumikira wasamuka kanayi pa zaka zisanu ndi chimodzi, katundu ali pamutu, chifukwa eni nyumba amasintha maganizo nthawi imene afuna. Funso limene tinapatsidwa linali la patatu: kodi tipitirize kulipira lendi, tigule nyumba yomangidwa kale, kapena tipeze malo n'kumanga tokha? Ndalama zimene mipingo inasonkha pa masika awiri tinazilemba pa kapepala, ndipo mkulu wosunga chuma anakapinda n'kukaika m'kati mwa Baibulo lake. Pano tikufuna kukufotokozerani zimene maso athu anaona, pakuti ndalamazo ndi thukuta lanu.

Tinanyamuka pa Vila Ulongwe m'bandakucha mwezi wa Ogasiti, titavala majekete, chifunga chitakuta madimba a mbatata. M'mbali mwa msewu munali mauvuni a njerwa, ena akufuka, ena ataphwasulidwa kale mbali imodzi. Kwathu kuno munthu ukam'funsa mtengo wa nyumba yake amakuyang'ana modabwa. Adzakuuza kuti anaumba njerwa chaka chakuti, anakweza makoma atagulitsa fodya, ndipo malata anagula atatuatatu mbatata itayenda bwino pa msika. Nyumbayo yaima pa malo a makolo, pafupi ndi nkhokwe ndi khola, ndipo manda a agogo sali patali. Palibe amene anaiwerengerapo mtengo chifukwa palibe amene anaganizapo zoigulitsa. Komabe tisaname, ngakhale pa Ulongwe zinthu zayamba kusintha. Kuseri kwa masitolo kwamangidwa mizere ya zipinda zobwereketsa kwa aphunzitsi, anamwino ndi ophunzira, ndipo malo a m'mbali mwa msewu wopita ku Calómuè, amene kale ankadyetserako ng'ombe, lero anthu amakanganirana.

Titafika pa mphambano ya Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, tinayamba kutsika. Majekete tinavula mmodzimmodzi. Mitengo ya bulugamu inatha, m'malo mwake munabwera milambe ikuluikulu yopanda masamba, mbuzi zikuyendayenda pa miyala, ndi ana akugulitsa masau m'mabeseni. Mmodzi wa akulu aja, amene anali asanatsikeko chigwa chimenechi kuyambira nthawi ya nkhondo, anafunsa kuti munthu angalipirenji ndalama zambiri kuti akhale m'ng'anjo yotere. Yankho lake tinalipeza pa Moatize, pamene fumbi lakuda linayamba kumata pa galasi la galimoto.

Malasha a ku Moatize si achilendo. Ankakumbidwa kale m'nthawi ya atsamunda, ndipo njanji ya Sena inkawanyamula kupita ku Beira mpaka nkhondo itaiononga. Chimene chinasintha zonse ndi kubwera kwa makampani akuluakulu. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapambana mwayi wa migodiyo mu 2004, inayamba kumanga mu 2009, ndipo malasha oyamba anatuluka kupita kunja mu 2011. Chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale, imene inali ndi mgodi wa Benga, pa madola pafupifupi mabiliyoni anayi. Malasha osungunulira chitsulo anali atadutsa madola 300 pa tani imodzi. Anthu anakhamukira ku Tete kuchokera ku Maputo, ku Beira, ku Zimbabwe, ku South Africa, ku Brazil ndi ku Australia, ndipo aliyense wa iwo ankafuna pogona. Kalembera wa 2007 anapeza anthu oposa pang'ono 150,000 mu mzinda wa Tete, koma wa 2017 anapeza oposa 300,000. Mzinda umene unamangidwa kuti ukhale boma laling'ono la m'mphepete mwa Zambezi unawirikiza kawiri pa zaka khumi zokha.

Abale amene anaona zaka zimenezo amazikamba ngati munthu wokamba maloto. Nyumba zabwino za m'kati mwa mzinda zinkabwerekedwa pa madola masauzande angapo pa mwezi, ndipo makampani ankalipiriratu miyezi yambiri nthawi imodzi. Mabanja ankatuluka m'nyumba zawo zazikulu n'kukadzipanikiza mu kanyumba ka kuseri, kamene kumeneko amati dependência, kuti nyumba yaikuluyo ilowe mlendo. Malo ogona alendo ankadzaza sabata yonse. Aliyense amene anali ndi kabwalo anayamba kuumba mabuloko. Ndipo chifukwa chakuti mwini nyumba aliyense ankayembekezera mlendo wa ku mgodi, mphunzitsi ndi wapolisi amene malipiro awo sanakwere anakankhidwira kunja kwa mzinda, ku Chingodzi, ku Matema ndi kupitirira apo.

Tinagona usiku woyamba kwa mayi wina wa Chigwirizano, wamasiye, amene anatiyalira mphasa pa khonde chifukwa m'nyumba munali motentha ngakhale mwezi wozizira. Iwo ndi mmodzi mwa amene anachita bwino. Anabwereketsa nyumba imene anawasiyira malemu amuna awo kwa zaka zinayi, iwo akugona ndi ana kuseri, ndipo ndalamazo anaphunzitsira ana atatu n'kukonzera denga. Mlendo atachoka anabwerera m'nyumba mwawo opanda ngongole. Titawayamikira anaseka, nati: “Abusa, si nzeru zanga ayi. Ndinkaopa banki basi.” Kenaka anatilozera nyumba ya kutsidya kwa msewu, ya chipinda chapamwamba, yopanda denga, zitsulo zikuloza kumwamba zitachita dzimbiri, mpanda wake utamera thengo. Mwini wake anakongola ndalama zomangira pa nthawi imene lendi inali pamwamba, ali ndi chikhulupiriro chakuti mlendo wa chaka chimodzi adzabweza zonse. Makoma asanafike pa mawindo a pamwamba, alendo anayamba kulongedza.

Zinatero chifukwa mtengo wa malasha unagwa. Pofika 2015 tani ija inali pansi pa madola 100. Rio Tinto, imene inalowa ndi mabiliyoni, inagulitsa migodi yake mu 2014 kwa gulu la makampani a ku India lotchedwa ICVL pa madola mamiliyoni 50 okha. Ntchito yomanga, imene ndiyo imalemba anthu ambiri kuposa yokumba, inali ikutha. Mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, ndipo omanga ake anapita. Kenaka mu 2016 panatulukira nkhani ya ngongole zobisika za boma, metical inagwa kufika pa meticais oposa 70 pa dola imodzi, chikhalirecho zaka ziwiri m'mbuyomo inali pafupi ndi 30, ndipo chiwongoladzanja cha ku banki chinakwera koopsa. Apa m'pamene anthu ambiri anapanikizika mbali ziwiri: lendi imene ankalandira inatsika, pamene simenti, zitsulo ndi malata, zimene zimatsatira dola, zinakwera. Vale nayo pomaliza inagulitsa mgodi ndi njanji ya Nacala kwa kampani ya Vulcan, malonda amene anatsirizika mu 2022. Malasha akukumbidwabe ndipo sitima zikudutsabe m'Malawi kupita ku Nacala, koma chipwirikiti cha 2011 sichinabwerenso.

Tikudutsa m'misewu ya Matundo tinakumbukira fanizo la Ambuye mu Luka 14 la munthu womanga nsanja amene sanayambe wakhala pansi kuwerengera. Komabe sitikufuna kuwaweruza mopepuka abale amenewa. Ambiri a iwo anawerengera ndithu, koma anawerengera ndi mitengo ya chaka chimodzi, osadziwa kuti mtengo wa nyumba yawo ukukonzedwa ndi ng'anjo zosungunulira zitsulo ku China ndi ku India. Nanga makampani aja, okhala ndi akatswiri ophunzira kwambiri, sanalakwitse chimodzimodzi? Chimene chinatiwawa mtima ndi china. Tinamva kuti m'zaka za phindu zija panali akhristu amene anatulutsa akhristu anzawo m'nyumba, mwezi usanathe, pofuna kulowetsa wolipira madola, ndipo Lamulungu lotsatira onse awiri anakhala pa benchi imodzi ya Mgonero. Mabala amenewo sanapole. Banja lina linasiya kubwera ku mapemphero kufikira lero. Sitikunena kuti mkhristu asabwereketse nyumba, kapena kuti asakweze lendi zinthu zikakwera. Koma pali kusiyana pakati pa kukambirana ndi mbale wako pa nthawi yabwino ndi kum'ponyera mapoto pabwalo. Tinapempha akulu a kumeneko kuti ayendere banjalo, ndipo mwini nyumba uja, amene tsopano nyumba yake imakhala miyezi yopanda munthu, wavomera kupita nawo.

Tsiku lachiwiri tinakwera chapa kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, kukaona achibale a mmodzi wa akulu athu. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti apereke malo ku mgodi. Amene anawerengedwa kuti ndi alimi anapita ku Cateme, ndipo amene ankadalira ntchito za m'tauni anapatsidwa malo ku bairro la 25 de Setembro ku Moatize. Nyumba za ku Cateme zinamangidwa m'mizere, za simenti ndi malata, ndipo munthu wongodutsa anganene kuti anthuwa anakwezedwa. Koma sipanatenge nthawi kuti ayambe kudandaula za ming'alu m'makoma, za kudontha, za minda ya miyala ndi za kutalika kwa msika. Mu Januwale 2012 anatseka njanji, ndipo dziko lonse linamva za iwo. Pambuyo pake nyumba zambiri zinakonzedwa. Gogo amene tinacheza naye sanakambe zambiri za makoma. Anakamba za mtsinje umene ankalima m'mbali mwake chaka chonse, ndi dothi limene ana ake ankaumba njerwa zogulitsa. Anati nyumba yake yakale inali ya udzu, koma inkamudyetsa. Mawu amenewo anatithandiza kwambiri pa ntchito imene tinatumidwa, chifukwa kufikira pamenepo tinkangoyang'ana makoma ndi madenga.

Tsopano tifotokoze za lamulo, pakuti ambiri a ife timalimva mwa theka. M'dziko lathu lino nthaka ndi ya boma. Malamulo aakulu a dziko amanena zimenezo, ndipo lamulo la nthaka la 1997 limabwereza kuti nthaka siigulitsidwa kapena kuperekedwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene umadziwika ndi dzina lakuti DUAT. Ufuluwo umabwera mwa njira ya mwambo wa makolo, kapena mwa kukhala pa malo mokhulupirika kwa zaka zosachepera khumi, kapena mwa kupempha ku boma. Umboni wa pakamwa wa anthu a m'dera umavomerezeka, ndipo mkazi ali ndi ufulu wofanana ndi mwamuna, chinthu chimene amasiye athu ayenera kuchidziwa achibale a mwamuna akabwera kudzalanda. Nyumba yokha, monga chomangidwa, ndiyo ingagulitsidwe. Ndiye taonani zimene zimachitika: popeza nthaka siigulitsidwa, anthu amagulitsa zimene zili pamwamba pake. Tinaonetsedwa malo amene panali mzere umodzi wa mabuloko ndi kamtengo ka mango kofika m'chiuno, ndipo mtengo umene anatitchulira ukanagula ng'ombe zingapo kwathu. Mkulu wosunga chuma anayang'ana kamtengoko kwa nthawi yaitali, nafunsa mwaulemu ngati kamabereka golide.

Achikulire a mu mzinda anatikumbutsanso kuti aka si koyamba nyumba za ku Tete kusintha manja mwadzidzidzi. Pa 3 Febuluwale 1976 boma la Samora Machel linatenga nyumba zonse zobwereketsa ndi zimene Apwitikizi anasiya, ndipo bungwe la APIE linkaziyang'anira, anthu akulipira lendi yochepa kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugulitsa nyumbazo kwa amene ankakhalamo, pa mtengo wotsika. Ena mwa mabanja amenewo ndiwo anadzapeza chuma pa nthawi ya malasha, osati chifukwa cha khama loposa la anzawo, koma chifukwa chakuti makolo awo anapezeka m'nyumba ya pakati pa mzinda pa chaka choyenera. Usiku umenewo tinawerenga pamodzi Levitiko 25, pamene chilamulo cha Mose chimasiyanitsa nyumba ya mu mzinda wa linga ndi nyumba ya kumudzi. Ya mu mzinda ikagulitsidwa, mwini wake anali ndi chaka chimodzi chokha choti aiwombole, ndipo chikatha inali itapita mpaka kalekale. Ya kumudzi inkawerengedwa pamodzi ndi munda, ndipo inkabwerera kwa banja pa chaka choliza lipenga. Tinadabwa kuona kuti kusiyana kumene tinakuona pakati pa Angónia ndi Tete kunadziwika kale m'masiku a Mose. Achinyamata amene mukuganiza zogulitsa munda wa makolo kuti mukagule malo m'tauni, werengani mutu umenewu musanapite kwa amfumu.

Pa masiku awiri otsalawo tinaona malo anayi. Oyamba anali nyumba yaikulu pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, yomangidwa m'zaka za phindu, yokhala ndi matailosi ndi makina oziziritsa mpweya amene anasiya kugwira ntchito. Mwini wake anatchula mtengo m'madola. Yakhala ikudikira wogula kwa zaka zingapo, koma iye sakutsitsa, chifukwa mumtima mwake chikadali chaka cha 2012. Izi tinaziona kangapo: lendi inatsika msanga, popeza nyumba yopanda munthu siibweretsa kanthu, koma mitengo yogulitsira imatsika mwaulesi, popeza munthu savomera msanga kuti chuma chake chachepa. Kapepala kathu sikanatuluke n'komwe m'Baibulo.

Achiwiri anali otsika mtengo modabwitsa, athyathyathya, a nthaka yabwino, madzi ali pafupi. Tinasangalala mpaka pamene mmodzi wa akulu anaona mzere wa matope pa khoma la nyumba yoyandikana nayo, wofika pa chifuwa cha munthu wamkulu. Malowo ali m'chigwa cha Revúbuè. Mtsinje umenewu unasefukira mu Malichi 2019 n'kumiza nyumba zambiri m'mbali mwake, ndipo mu Januwale 2022, pa nthawi ya namondwe wa Ana, unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Anthu anabwereramo, chifukwa wosauka alibe kwina kopita, ndipo ena mwa iwo ndi akhristu athu. Achitatu tinawasiya mofulumira: tikukambirana ndi amene anati ndi mwini wake, panafika mnyamata wina atanyamula chikalata chosonyeza kuti bambo ake analipira kale malo omwewo.

Achinayi ali kutali, kupitirira bwalo la ndege la Chingodzi, pa chitunda cha miyala pamene pali mlambe umodzi ndi minga. Mpopi sunafikeko. Amayi amagula madzi m'zigubu, ndipo kuchokera pamene chapa imathera munthu amayenda pansi kwa mphindi makumi awiri. Titaima pamenepo masana, mphepo yotentha ikuomba, palibe amene analankhula. Koma tinaona kuti nyumba zatsopano zonse zikulowera mbali imeneyo, ndipo titawerenga mabanja a mpingo tinapeza kuti oposa theka amakhala kale kufupi ndi chitundacho kusiyana ndi kumene amasonkhana tsopano, pakuti ndiwo aja anakankhidwa ndi lendi. Banja limene lili ndi ufulu pa malowo lakhalapo kuyambira kale, oyandikana nawo anachitira umboni, mlembi wa bairro anavomereza, ndipo tinapita tokha ku ofesi ya mzinda kukatsimikiza kuti palibe wina amene analembetsa. Malowo ndi okwanira nyumba ya mlaliki ndi chisakasa chopemphereramo, ndipo mtsogolo tchalitchi.

Maganizo athu, amene tidzawapereka ku msonkhano wa akulu, ndi akuti titenge malo achinayiwa. Tikudziwa zimene ena adzanene, ndipo sadzalakwa. Ndalama zimene zilipo zikwanira kupepesa banjalo pa zimene linakonza pa malowo, kulipira zikalata, kukumba maziko ndi kukweza zipinda ziwiri, osapitirira apo. Kukumba maziko pa miyala imeneyo ndi ntchito ya pikisi ndi nyundo. Kumeneko nkhuni zootchera njerwa n'zosowa, motero tidzamanga ndi mabuloko a simenti, amene mtengo wake sutsika. Mlaliki adzafunika kukhalabe m'nyumba ya lendi mwina chaka china chathunthu, ndiye kuti kwa kanthawi tidzasenza mitolo iwiri. Ndipo mayi wa kunyumba kwake, amene tinakambirana nawo mosabisa za madzi, anati adzapita, koma anapempha kuti thanki ya madzi a mvula imangidwe pamodzi ndi denga, osati kulonjezedwa chabe. Pempho limenelo taliika m'chiwerengero.

Pali zimene ife a kumtunda tingathe popanda ndalama. Mitengo ya denga imene ku Tete imagulidwa modula, kwathu yaima kuseri kwa matchalitchi athu. Amisiri a matabwa tili nawo m'mipingo, okhoza kupanga zitseko ndi mafelemu. Achinyamata amene amakhala opanda chochita pakati pa kukolola ndi kusosa angatsike kwa masabata awiri kukaumba mabuloko, bola zichitike m'mwezi wa Juni kapena Julayi, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Mpingo uliwonse ukambirane ndipo utumize yankho kudzera mwa mkulu wake msonkhano usanachitike. Banja la pa chitunda lija lavomera kutidikira mpaka mvula yoyamba, chifukwa pali wina wogulitsa zipangizo zomangira amene wafunsanso za malo omwewo.

Pobwerera tinagula nsomba zouma za chikowa ndi thumba la masau la ana. Tinadutsa Moatize dzuwa likupendeka, sitima ya malasha ikutuluka pang'onopang'ono ndi mabogi osawerengeka. Titapitirira Mussacama mphepo inayamba kuzizira, ndipo mkulu uja amene anafunsa za ng'anjo anavala jekete lake, nakhala chete kwa nthawi. Tili pafupi kufika anatiuza kuti ali ndi mitengo ya bulugamu khumi ndi iwiri imene anadzala chaka chimene anabwerera kuchokera ku Dedza nkhondo itatha, ndipo anati tilembe isanu ndi umodzi pa kapepala kaja.